Ofera M'manja mwa Adani: Kuchokera ku Karonga Kukafika ku Borneo

Alendo ambiri akafika pa Karonga amathamangira kukaona mafupa a Malawisaurus ku nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa mu 2004. Ochepa okha ndi amene amafunsa njira ya ku manda a asilikali omwe ali m'tauni momwemo. Ndi manda aang'ono, ndipo m'menemo mwagona Angerezi ndi Majeremani amene anaphana pa 9 Seputembala 1914. Pa miyala yawo panalembedwa mayina, maudindo ndi tsiku lomwalira. Komatu ambiri mwa amene anagwa tsiku limenelo, komanso ambiri mwa amene anagwidwa amoyo, anali anthu akuda.

M'nkhani ino tikamba za msilikali amene wagwa m'manja mwa mdani. Mfuti amulanda, anzake apita, ndipo moyo wake watsala m'manja mwa anthu amene m'mawa womwewo amafuna kumupha. Tiyambira pa nyanja yathu, tidutsa m'nkhalango za Tanganyika, kenako tikafika ku chilumba cha Borneo kumene kunafera msilikali wina wa ku Australia. Ulendowu ndi wautali, koma funso lake ndi limodzi: munthu akafera kutali, mu ukaidi, ndani amasunga dzina lake?

Mkaidi amene sankadziwa kuti kuli nkhondo

Dziko la Britain linalengeza nkhondo ndi Germany pa 4 Ogasiti 1914. Nthawi imeneyo tsidya la mtsinje wa Songwe, kumene lero ndi ku Tanzania, kunkalamulidwa ndi Majeremani. Pa nyanja panali sitima ziwiri zokhala ndi mizinga: Guendolen ya Angerezi ndi Hermann von Wissmann ya Majeremani. Woyendetsa Guendolen, Kaputeni Edmund Rhoades, ndi mnzake wa sitima inayo, Kaputeni Berndt, anali anthu odziwana bwino, omwera limodzi akakumana padoko.

M'bandakucha wa pa 13 Ogasiti, Rhoades anapeza sitima ya Majeremani itakokeredwa kumtunda pa doko la Sphinxhaven, lomwe tsopano ndi Liuli, ndipo anaiombera. Berndt anali asanamve kuti nkhondo yayamba. Anapalasa bwato mwaukali kukafunsa mnzakeyo chimene chamulowa m'mutu, koma atangokwera m'sitimamo anauzidwa kuti ndi mkaidi. Mzinga wa mtundu wa Hotchkiss wochokera mu Guendolen udakalipo ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri chifukwa ndi yoseketsa ndiponso yosakhetsa magazi ambiri. Ukaidi wa Berndt unali wa bwana pakati pa mabwana anzake. Zimene zinachitika kumtunda patangotha milungu inayi zinali zina.

Tsiku la 9 Seputembala 1914

Nyanja itagwa m'manja mwawo, Angerezi anatumiza asilikali a King's African Rifles, amene makolo athu ankawatchula kuti a Keyala, pa sitima kupita ku Karonga motsogozedwa ndi Kaputeni C.W. Barton. Nawo Majeremani anali atawoloka kale Songwe n'kufika ku Kaporo, ndipo mtsogoleri wawo anali Kaputeni von Langenn-Steinkeller. Mbali iliyonse inali ndi asilikali mazana angapo, pafupifupi onse akuda, olamulidwa ndi azungu owerengeka.

Pa 8 Seputembala Barton ananyamuka kulowera kumpoto kukafuna adani. Tsiku lomwelo Majeremani ananyamuka kulowera kummwera kukalanda Karonga. Magulu awiriwa anaphonyana m'tchire cha ku mtsinje wa Lufilya popanda kuzindikira kukula kwa gulu linalo. Kutacha, Majeremani anazinga Karonga, kumene kunatsala Lefutenanti P.D. Bishop ndi asilikali ochepa, apolisi komanso azungu angapo wamba. Anthuwa anabisala kuseri kwa linga n'kulimbikira kwa maola angapo, mpaka gulu limene Barton anabweza atamva kulira kwa mizinga linafika n'kuwagwera Majeremaniwo chakumbuyo.

Pothawa kubwerera kwawo, Majeremani anagundana ndi gulu lalikulu la Barton pa mtsinje wa Kasowa. Apa ndi pamene panafera anthu ambiri, chifukwa ankaomberana pafupi kwambiri m'thengo lowirira. Barton anavulala, von Langenn-Steinkeller anavulalanso, ndipo Majeremani anasiya mizinga yawo iwiri. Asilikali awo akuda okwana makumi angapo anaphedwa, ena ambiri n'kugwidwa, ochuluka mwa iwo ali ndi mabala. Pakati pa azungu ogwidwa panali Lefutenanti von Veltheim, amene anamutengera kummwera. Dzina lake likupezeka m'mabuku a mbiri yakale mpaka lero. Asilikali akuda amene anagwidwa naye limodzi analembedwa ngati chiwerengero chabe.

Mfuti yolira mosalekeza imene anthu anaimva nthawi imeneyo anaitcha chiwaya, ndipo dzinali linakhala la nkhondo yonseyo. Wolemba mbiri Melvin Page, amene anacheza ndi nkhalamba zambiri zomwe zinaona nkhondoyi, analitenga kukhala dzina la buku lake.

Mdani wolankhula chinenero chako

Pali chinthu china chokhudza nkhondo ya ku Karonga chimene ana asukulu sauzidwa kawirikawiri. Mu 1911, pofuna kuchepetsa ndalama, Angerezi anathetsa gulu lachiwiri la Keyala, lomwe asilikali ake ankachokera kuno ku Nyasaland. Amuna amene ntchito yawo inali mfuti anapezeka ali manja lende kumudzi, msonkho ukuwadikira. Ambiri anawoloka Songwe n'kukalembedwa usilikali kwa Majeremani cha ku Neu Langenburg, komwe lero ndi Tukuyu, poti kumeneko malipiro anali abwinopo.

Choncho pa Kasowa, ena mwa amene ankatchedwa adani anali ana a dziko lino, ophunzitsidwa perete mofanana ndi amene ankawaombera. Mkaidi ankatha kuyankha womugwira m'Chiyao kapena m'Chinyanja. Panalibe munda umene ankalimbirana, panalibe ng'ombe imene wina anabera mnzake. Mkangano unali wa mafumu a ku Ulaya, koma magazi anali a ana a kuno.

Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, anaiona mfundo imeneyi msanga. Mu Novembala 1914, mbiri ya ku Karonga itafika kummwera, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo yosawakhudza, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye, pamene eni nkhondoyo ndi anthu olemera ndi amaudindo. Boma linaletsa kalatayo kufalitsidwa. Pa 23 Januwale 1915 Chilembwe ndi anthu ake anaukira atsamunda, ndipo pa 3 Febuluwale anaphedwa.

Lamulo la papepala ndi zochitika m'tchire

Pa nthawiyi lamulo loteteza akaidi a pankhondo linalipo kale. Pangano la ku Hague la mu 1907 linkanena kuti mkaidi ali m'manja mwa boma limene lamugwira, osati mwa msilikali amene wamugwirayo. Kuti asamalidwe mwaumunthu, adyetsedwe ngati asilikali a bomalo, ndiponso asagwiritsidwe ntchito yothandiza nkhondo. Linalamulanso kuti pakhale ofesi yolemba mayina a akaidi, kuti abale awo adziwe ngati ali moyo kapena amwalira.

Kum'mawa kwa Africa lamuloli linkayang'ana khungu. Mtsogoleri wa Majeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, ankamasula akuluakulu a asilikali achizungu ena akangolumbira kuti sadzamenyanso nkhondoyo. Msilikali wakuda akagwidwa, kawirikawiri ankasenzetsedwa katundu kapena kuvekedwa yunifomu ya amene amugwira. Angerezi nawo anachita chimodzimodzi: mu 1917 anakhazikitsa gulu lachisanu ndi chimodzi la Keyala, ndipo ambiri mwa asilikali ake anali amene poyamba ankamenyera Majeremani. M'dziko la Majeremani, aphunzitsi akuda a mishoni ya Anglican ya UMCA anamangidwa maunyolo powaganizira kuti ndi akazitape a Angerezi, ndipo ena anafera m'maunyolo momwemo.

Panalinso anthu ena amene sankatchedwa akaidi, ngakhale moyo wawo sunkasiyana kwenikweni ndi wa mkaidi. Mu Meyi 1916 Jenerali Edward Northey anayamba kulowa m'dziko la Majeremani kuchokera ku malire a pakati pa nyanja ya Malawi ndi nyanja ya Tanganyika, ndipo Karonga linali khomo lodutsira chakudya, zipolopolo ndi mankhwala. Sitima zikatsitsa katundu, wotsala anali mutu wa munthu. Akuti pa nkhondo yonseyi dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Ambiri anagwidwa mokakamiza kudzera mwa mafumu ndi apolisi, ena usiku m'nyumba zawo. Ankakwera mapiri ozizira a Livingstone opanda zofunda zokwanira, akudya phoso losakwanira, ndipo kamwazi, chibayo ndi malungo zinapha anthu ochuluka kuposa chipolopolo. Womwalira panjira ankakwiriridwa pomwepo, ulendo n'kupitirira.

Ngakhale kutha kwa nkhondo sikunapulumutse onse. Von Lettow-Vorbeck anatula zida pa 25 Novembala 1918 ku Abercorn, komwe tsopano ndi Mbala m'dziko la Zambia. Asilikali ake akuda oposa 1,000 anawatengera ku msasa wa akaidi ku Tabora, ndipo kumeneko mliri wa fuluwenza umene unasesa dziko lonse chaka chimenecho unapha ambiri a iwo. Anapulumuka zipolopolo zaka zinayi n'kukafera mu mpanda, nkhondo itatha kale.

Pamene njira yathu inakumana ndi ya Australia

Nkhondo yachiwiri itabuka, a Keyala a ku Nyasaland anatumizidwanso kutali. Mu Ogasiti 1940 anali m'gulu loteteza dziko la British Somaliland kwa Mataliyana, pamodzi ndi asilikali a Northern Rhodesia Regiment. Pa nkhondo ya pa Tug Argan panafika amalinyero atatu a ku Australia ochokera mu sitima ya HMAS Hobart: Hugh Jones, William Hurren ndi Hugh Sweeney. Iwo anadzipereka kutsika ndi mzinga waung'ono wa m'sitimayo kuti akathandize kulimbana ndi akasinja. Atatuwa anagwidwa, kwawo n'kumaganiziridwa kuti anafa, koma anapezeka amoyo mu Epulo 1941 mu msasa wa akaidi ku Eritrea.

Anzawo amene anagwidwa ndi Japan sanaone mwayi wotere. Mwa anthu a ku Australia pafupifupi 22,000 amene anagwa m'manja mwa Japan, pafupifupi 8,000 anafera mu ukaidi, kutanthauza munthu mmodzi mwa atatu alionse. Japan inali itasayina pangano la ku Geneva la mu 1929 lokhudza akaidi, koma boma lake silinalivomereze kukhala lamulo, ndipo asilikali ake ankaphunzitsidwa kuti kugonja ndi manyazi oposa imfa. Mdani yemweyu ndi amene a Keyala athu anakakumana naye mu 1944 m'chigwa cha Kabaw ku Burma.

Moyo wa Lionel Matthews

Mmodzi mwa akaidi a ku Australia amenewa anali Lionel Matthews, amene anabadwa pa 15 Ogasiti 1912 mu mzinda wa Adelaide. Sanali mwana wa anthu otchuka. Ankagwira ntchito yogulitsa malonda, ndipo nthawi yake yopuma ankaithera kutsogolera anyamata a sikauti. Anakwatira, nabereka mwana mmodzi wamwamuna. Mu 1940 analowa m'gulu la asilikali opita kunja, m'chigawo choona za mauthenga, ndipo mu 1941 anatumizidwa ku Malaya. Ntchito yake inali yoyala ndi kulumikiza mawaya a lamya kuti akuluakulu azimvana ndi asilikali a kutsogolo. Pa nkhondo ya pa Gemas komanso ku Singapore anapitiriza ntchitoyi mabomba akugwa, ndipo chifukwa cha ichi anapatsidwa mendulo ya Military Cross.

Singapore inagwa pa 15 Febuluwale 1942. Matthews, amene tsopano anali Kaputeni, anatsekeredwa ku Changi, ndipo mu Julayi chaka chomwecho anali m'gulu la akaidi pafupifupi 1,500 amene anatumizidwa ku Sandakan, kumpoto kwa Borneo, kukamanga bwalo la ndege. Kumeneko anayamba ntchito yachinsinsi. Mogwirizana ndi dokotala wa m'tauniyo, Dr James Taylor, apolisi a m'deralo ndi anthu wamba a mitundu yosiyanasiyana, anakonza njira yolowetsera mankhwala mu msasa. Analowetsanso zipangizo zimene akaidi anapangira wailesi yobisa, kuti azimva mmene nkhondo ikuyendera. Analumikizana ndi magulu omenyana ndi Japan ku Philippines ndipo anathandiza akaidi ena kuthawa. Iye mwini mpata wothawa anali nawo, koma anasankha kutsala kuti odwala asasowe mankhwala.

Mu Julayi 1943 chinsinsi chinaululika. Apolisi a asilikali a Japan, otchedwa Kempeitai, anamugwira, kumumenya, kumumana chakudya ndi kumuzunza kwa nthawi yaitali kuti atchule anzake. Sanatchule. Anamutengera ku Kuching kumene khoti la asilikali linagamula kuti aphedwe. Pa 2 Malichi 1944 anaomberedwa, atakana kumangidwa nsalu kumaso. Anali ndi zaka 31. Mu 1947 anapatsidwa mendulo ya George Cross atamwalira kale, ndipo mafupa ake anaikidwa m'manda a asilikali pa chilumba cha Labuan.

Tsiku lomwelo anaphedwanso amuna asanu ndi atatu a ku Borneo amene ankagwira naye ntchitoyo, ena mwa iwo Jemadar Ujagar Singh, Sajeni Abin ndi Alexander Funk. Iwowa sanali akaidi a pankhondo. Akanatha kukhala chete m'nyumba zawo, koma anaika moyo wawo ndi wa mabanja awo pachiswe chifukwa cha alendo anjala. Ku Kuching kuli manda awo, ndipo mayina awo analembedwa.

Akaidi amene anatsala ku Sandakan anaona zoopsa koposa. Mu 1945 anayendetsedwa wapansi mtunda wa makilomita pafupifupi 260 kudutsa m'nkhalango kupita ku Ranau, ndipo wolephera kuyenda ankaphedwa panjira. Akaidi oposa 2,400 a ku Australia ndi Britain anafa. Opulumuka anali asanu ndi mmodzi okha, onse othawa, amene anabisidwa ndi kudyetsedwa ndi anthu a m'midzi. Nkhanza zonga izi ndi zina mwa zimene zinachititsa mayiko kulemba pangano latsopano la ku Geneva mu 1949, lomwe likugwira ntchito mpaka lero.

Ndani amasunga dzina

Tatha kufotokoza moyo wa Matthews kuyambira tsiku lobadwa kufikira tsiku lomwalira chifukwa anthu a kwawo anasunga zonse: makalata, zithunzi, umboni wa opulumuka ndi zolemba za khoti. Ku Canberra kuli nyumba ya chikumbutso cha nkhondo imene pa makoma ake panalembedwa mayina oposa 102,000. Madzulo alionse, asanatseke zitseko, amaliza lipenga ndi kuwerenga mbiri ya munthu mmodzi mwa anthu amenewa.

Kwathu kuno zinthu sizinayende choncho. Nsanja ya chikumbutso ya Keyala ku Zomba ili ndi mayina a asilikali ambiri, koma amtengatenga ochuluka sanalembedwe paliponse, ndipo ana a dziko lino amene anafera mu yunifomu ya Majeremani sanawerengedwe ndi mbali iliyonse ngati ake. Mu Epulo 2021 bungwe losamalira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt, sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe, ndipo linati tsankho linali m'gulu la zifukwa zake. Nduna ya zachitetezo ya Britain pa nthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo.

Kwa ife Amalawi nkhani imeneyi ndi yolemera. Munthu akamwalira ku Johannesburg, abale amasonkherana ndalama, ena mpaka kugulitsa ng'ombe, kuti thupi libwere lidzagone pafupi ndi makolo. Timamanga ziliza kuti zidzukulu zidzadziwe pamene pagona agogo awo. Tangoganizani za mayi wa ku Kaporo, ku Mpata kapena ku Chilumba amene mwana wake anatengedwa mu 1917 ndipo sanabwererenso: panalibe thupi loti alire, panalibe manda oti asese, panalibe ngakhale kalata yomuuza tsiku.

Chikhalirecho nkhondoyo sinafafanizike m'midzi. Anyamata a ku Karonga ndi ku Nkhata Bay akavala zoyera, kufola mizere ndi kuvina malipenga, mapazi awo akubwereza perete amene makolo awo anaona kwa asilikali. M'mabanja ambiri mudakali nkhani ya agogo amene anapita ku chiwaya kapena ku Burma. M'mabokosi ena muli mendulo kapena kapepala kotulukira usilikali, ndipo m'mabuku akale a mipingo muli mayina a akhristu amene anapita osabwerera.

Chaka chilichonse mu Novembala timavala duwa lofiira ndi kukhala chete kwa mphindi ziwiri pokumbukira ofera kunkhondo. Mwambo umenewu umakoma pamene wokhala cheteyo ali ndi dzina loti alitchule mumtima. Inu owerenga, pitani kwa akuluakulu a m'banja mwanu adakali moyo, muwafunse ngati pali wina wa pamtundu panu amene anatengedwa kunkhondo. Lembani dzina lake, mudzi wake, mfumu yake ndi chaka chimene anachoka. Kasungeni pepalalo, ndipo lina mukalipereke kusukulu, kutchalitchi, kumzikiti kapena ku nyumba yosungiramo zinthu zakale. Atsamunda sanalembe mayina a makolo athu, koma ife tikhoza kuwalemba.